Mzere Umodzi Papepala la Bambo

Bambo anga, a Wendell Haugen, ali ndi kachitsulo m'chiuno,
kochepa ngati chikhadabo cha khanda.
Kanalowa usiku wina wozizira ku Korea, mu 1951,
ndipo mpaka lero sikanalipireko lendi.
Chipale chofewa chikamayandikira ku Duluth kuno
kamayamba kudziwa ndi iko, wailesi isananene.
Pabwalo la ndege kamaliza makina a chitetezo,
bambo n'kukweza manja ngati mbala.

Koma boma silinkakadziwa.
Papepala lowatulutsira usilikali,
pamzere wa mabala a kunkhondo,
kalaliki wina, mwina akuthamangira kukadya,
anatayipa liwu limodzi: palibe.

Zaka makumi asanu ndi awiri liwulo linagona m'dirowa
pamodzi ndi malisiti a matayala ndi kalata ya ukwati.
Bambo sankazitengera kumtima.
"Ena sanabwereko n'komwe," ankatero,
n'kubwerera kugalaja kukasula injini ya eni ake.

Ndinaziputa ndine, mayi atatisiya.
Ndinadzaza fomu patebulo la kukhitchini, khofi n'kuzizira.
Yankho loyamba linatenga miyezi isanu ndi inayi:
faelo yanu inapsa pamoto wa ku St. Louis.
Lachiwiri linati: chithunzi cha ekisire chikuonetsadi chitsulo,
koma sichikunena amene anachiponya.
Bambowa anagwirapo ntchito padoko lopakira miyala ya chitsulo,
mwina n'chakumeneko.
Bweretsani mboni.

Mboni!
Ndinaimba manambala khumi ndi anayi.
Ambiri anayankha ndi amasiye, ena adzukulu,
ina inali ya malo ochapira zovala.

Kenako ku Las Cruces, mayi wa mawu onjenjemera,
Eufemia Tafoya, anati, dikirani.
Ndinamva katoni ikukwekweredwa pansi,
galu akuuwa, iwo akupuma mwabefu.
Amuna awo anali omanga mabala,
ankalemba zonse ndi pensulo m'kabuku ka m'thumba.
Anandiwerengera pang'onopang'ono, ngati pemphero:
"Febuluwale 12. Haugen, W.
Chiuno chakumanzere, chibenthu cha bomba.
Wakana machira. Wabwerera kudzenje lake."

Wakana machira.
N'chifukwa chake chipatala sichinawalembe.
Madzulo ndinawafunsa.
Anayang'ana pawindo nthawi yaitali,
sitima ya malasha ikulowa pansi pa mlatho.
"Machira anali amodzi," anatero,
"ndipo mnyamata wa ku Tennessee uja analibe nsagwada."
Sanawonjezere. Anapempha mchere.

Tsamba lija tinalijambula, tinalumbirira, tinatumiza.
Anthu amene sitidzawaona,
m'chipinda chimene sitidzalowamo,
anakhala pansi n'kuwerenga pensulo ya munthu wakufa.
Chilimwe chinadutsa. Bambo anagwa kawiri kubafa.
Ine ndinkatsegula bokosi la makalata ndi mantha a mwana wa sukulu,
ndipo masiku ena ndinkadzifunsa ndikuchitira ndani,
iwo kapena ine.

Inabwera Lachiwiri, pakati pa bilu ya magetsi
ndi kapepala kotsatsa mipando.
Cholakwika chapezeka. Mzere wakonzedwa.
Patapita masabata, kabokosi:
mendulo yooneka ngati mtima, yapepo, ya mkombero wagolide.

Bambo anaiyeza padzanja.
"Yanga ija ndi yopepuka," anatero, akusisita chiuno,
n'kuiika pambali pa mbale.
Chimene ankafuna ndi pepala.
Anavala magalasi, nayendetsa chala mzere ndi mzere,
milomo ikuyenda yokha,
mpaka pamene panali palibe paja.
Anaima. Anawerenganso. Anatembenuza kuseri.

"Nanga Tafoya ali pati?"

Ndinati salemba mayina a omanga mabala, bambo.
Anatulutsa cholembera m'thumba la shati,
dzanja likunjenjemera ngati la mayi aja pafoni,
nayamba, m'mphepete mwa chidindo: T, A, F...

"Bambo, ndi pepala la boma limenelo!"

"Ndikudziwa," anatero osadzutsa mutu.
"Ndikulikonza."